Mizere ya phulusa kuseri kwa golo

Chaka chomwe sukulu zinakhala zaulere, Zakaria anasiya kugulitsa m'golosale ya bambo ake pa Nsaru n'kukayamba uphunzitsi wogwirizira pasukulu ina kupitirira Kabudula. Anampatsa kanyumba kakumapeto kwa bwalo la mpira. Msilamu anali yekha pamalopo. Lamulungu aphunzitsi anzake akaweruka kutchalitchi ankakacheza kwa ahedi, iye n'kumangomva kuseka kwawo ali pakhonde.

Ana a sitandade 6 sankamva za nambala yaikulu yomwe imagawa nambala ziwiri popanda chotsala. Loweruka lina Zakaria anatenga chingwe n'kuyeza malo a kuseri kwa golo: mamita 40 m'litali, 24 m'lifupi. Analibe womugwirira, choncho nsonga inayo ankaimanga pachikhomo.

Lolemba anawatulutsa panja anawo.

"Tidule malo ano m'zigawo zofanana mbali zonse zinayi, zazikulu momwe tingathere, pasatsale kamalo. Gulu lililonse lizipatsirana mpira m'chigawo chake. Mbali imodzi ikhale mamita angati?"

"Khumi!" anakuwa anyamata.

Atayeza, m'litali zinatheka, koma m'lifupi munatsala mamita anayi.

"Nanga mbali imodzi ikakhala mamita anayi bwanji?" anafunsa mwana wina.

"Zitheka, koma kodi mungathamange m'kakhola kotero?" anatero Zakaria.

Onse anaseka. Mtsikana wina, Tabita, yemwe ankalemba pansi ndi kamtengo, anadzutsa mutu.

"Eyiti, aphunzitsi. Amalowa mu 40, amalowanso mu 24. Womposa palibe."

Anathira phulusa m'mizere, panatuluka zigawo 15. Anawo anamenya chikulunga mpaka belu kulira, osafuna kubwerera m'kalasi.

Tsiku lonse Zakaria ankafuna woti amuuze nkhaniyi. Masana anawo atapita, a Martin, mphunzitsi wa zamasewera, anaima ndi njinga pambali pa golo.

"Mizereyi mwalemba ndinu, eti?"

"Eya. Timaphunzira masamu, ndipo lero ana agwira bwino kwambiri. Mtsikana wina..."

"Muifufute, bambo. Lachitatu aphunzitsi tikusewera ndi anzathu a ku Nambuma, isokoneza anthu."

"Ndamva. Inenso kwathu ku Nsaru ndinkagwira pagolo."

"Oo, chabwino," anatero a Martin, akupalasa kale njinga.

Zakaria anathyola nthambi ya mkesha n'kuyamba kusesa. Phulusa linali litalowerera m'dothi, moti zinamutengera nthawi. Atamaliza anasamba m'manja, n'kulowa m'nyumba kukaswali.