Mkazi Mnzawo wa Achemwali

Ine miseche sindikonda, koma izi zokha mumve.

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anagula ndege. Musaganize zikuluzikulu zija ayi. Kandege ka mipando inayi, kogula kwa munthu, m'kati mwake monunkha ngati galimoto yakale. Kuyendetsa anaphunzira kalekale, koma ankangobwereka za eni ake. Achemwali sanakondwe nako m'pang'ono pomwe. Ankakatchula kuti "mkazi mnzanga", chifukwa alamu akangoweruka ku ntchito, uyo, ku bwalo la ndege kukakapukuta.

"Ulendo woyamba sindinyamuka popanda inu," anatero alamu.

"Ndiye kachita dzimbiri," anayankha achemwali.

Komabe Loweruka m'mawa anavala, tinapita tonse atatu. Alamu anakazungulira kandegeko, kugwira mapiko, kusuzumira matayala, kukha mafuta m'kabotolo n'kuwayang'ana padzuwa ngati muli madzi. Kenako amakaniko a pabwalopo, omwe anthu amawatcha a Sipanala, anatulutsa sikelo. Kandege kakang'ono sikanyamula mwachisawawa. Aliyense amayamba wayezedwa, ndi chikwama chomwe, kuti kasalemedwe.

Ine ndinadumphirapo msanga.

"Aka n'kanthenga," anaseka a Sipanala. "Mayi, bwerani."

"Ndani? Ine? Pamaso pa anthu, ngati thumba? Mkazi mnzangayo mwamuyeza?"

"Ndi lamulo, amayi," alamu anachonderera. "Popanda sikelo sitinyamuka."

"Basi, tiyeni kunyumba."

Nkhope ya alamu inagwa. Makiyi anali kale m'manja. Ine chifukwa chomwe achemwali ankakanira sikelo ndinkachidziwa. Masiketi awiri achemwali anali atandipatsa kuti akuwathina, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawamva akusanza kubafa. Pakamwa pankandiyabwa koopsa!

"Achemwali, kodi ndinene ine?"

"Iwe, tseka pakamwa!"

Anandiyang'ana, anayang'ana amuna awo, kenako anapumira m'mwamba.

"A Sipanala, tatembenukani."

A Sipanala anatembenukira kukhoma. Achemwali anavula nsapato, anakwera pasikelo, n'kuwanong'oneza alamu kukhutu. Kunong'ona kwake ine ndinamva bwinobwino, makutu anga saphonya: "Pampando wangawo tikhalapo awiri."

Alamu anagwetsa makiyi. Anawatola, anakazunguliranso kandege konse, kugwiranso mapiko omwe aja, kukhanso mafuta.

"Bwana, mwayang'ana kale zimenezo!" anakuwa a Sipanala.

"Ndiyang'anenso. Katundu wakwera mtengo."

Atatero anawafunsa achemwali ngati angakonde kutsala.

"Nditsale? Ndakwera kale sikelo yanuyi. Tsegulani chitseko."

Tinamanga malamba, tinavala zam'makutu zolankhulirana, ine kumbuyo. Injini inalira, kandege kanathamanga, kanathamanga, mwadzidzidzi kugwedezeka konse kunatha. Tinali m'mwamba. Madenga anasanduka timabokosi, magalimoto ngati nyerere. Sukulu yathu ndinaiona, ndi bwalo lake la mpira lopanda udzu pakati.

Achemwali poyamba anatsinzina, atagwira bondo la alamu. Kenako anatsegula diso limodzi.

"Taonani nyumba yathu! Iwe, zovala zija sunayanike?"

M'mwamba monse muja, ine kukalipiridwa za zovala!

Alamu anakatsitsa pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Titatuluka, achemwali anasisita phiko.

"Mkazi mnzanga, wayesetsa. Koma Lamlungu mwamunayu ndi wanga."

Za mimbazo anati ndisauze munthu. Ndiye inunso musauze munthu.