Tsiku Limene Seneta Tackett Anajomba

Arlene Tackett sanagogode. Anangokankha chitseko cha ofesi ya Doyle Brumfield n'kuponya nyuzipepala patebulo, mpaka khofi anatayikira pamapepala.

"Tawerenga," anatero. "Werenga mokweza, mwina ine maso ayamba kundinamiza."

Doyle, seneta mnzake amene ankakhala moyandikana naye m'nyumba ya malamulo ya chigawo chawo kwa zaka makumi awiri, sanaiyang'ane n'komwe. Zimene zinalembedwamo ankazidziwa. Lamulo lotseka sukulu zing'onozing'ono za kumidzi linali litadutsa ndi voti imodzi yokha, ndipo pakati pa olivomereza panali dzina la Arlene, seneta wa dera la Pine Fork. Sukulu ya Pine Fork inali m'gulu la zotsekedwazo.

"Khala pansi, Arlene."

"Ndikhale pansi? Ndinakuuza chiyani ine Lachiwiri m'mawa? Ndinati lofiira! Kodi wakalamba mpaka kuleka kusiyanitsa mitundu?"

Patebulo la seneta aliyense pali mabatani awiri, lobiriwira lovomerezera ndi lofiira lokanira. Malamulo a nyumbayo amati aliyense azidina lake. Koma ankawatsatira ndani malamulowo? Wina akatuluka kukasuta, kukayankha foni kapena kukaona chibwenzi, woyandikana naye ankangotambasula mkono n'kumudinira. Onse ankadziwa, onse ankachita, ndipo pamaso pa atolankhani onse ankalumbira kuti zotere sanazionepo chibadwire.

Arlene anali atapambana zisankho zisanu zotsatizana. Ulendo woyamba anagwetsa movutikira mkulu wina wogula tirigu amene ankati mpandowo ndi wa banja lake. Kuchokera apo mavoti ake ankangokwera, moti chisankho chapitacho panalibe n'mmodzi yemwe amene analimba mtima kupikisana naye. Pazikwangwani zake zonse panali mawu awiri okha: ARLENE SAJOMBA. Ndipo zinali zoona. Kaya kugwe chipale chofewa chotseka misewu, kaya thupi litenthe, mayiyu ankapezeka pampando wake. Lachiwiri lija ndi limene anajomba koyamba tsiku lathunthu, ndipo anadalira mnzake.

"Mkulu wa chipani anali ataima kumbuyo kwanga kwenikweniku, mpweya wake ndikuumva m'khosi," anatero Doyle akupukuta khofi ndi mpango. "Inkasowa voti imodzi. Ukanakhala iwe ukanatani? Ndipo tisanamizane, Arlene. Zaka zonsezi unayamba wavotapo zosemphana ndi chipani? Ine ndangodina limene chala chako chinazolowera."

Mawuwo anamulasa chifukwa munali choonadi, ndipo zimenezo zinangowonjezera ukali wake.

"Ndikawauza anthu anga kuti unadina ndiwe."

"Kawauze. Ukawauzenso kuti chaka chija ndinkavutika ndi msana unandidinira kangati. Tikagwera limodzi. Nanga akakufunsa kuti Lachiwiri unali kuti, yankho uli nalo? Ine sunandiuze, ndipo sindinafunse. Koma iwowo akafunsa."

"Ndiwe galu, Doyle."

"Galu yemweyu ndi amene wakusungira mbiri yako."

Arlene anamenyetsa chitseko mwamphamvu mpaka mlembi wa panja anadzidzimuka. Ulendo wonse wobwerera kwawo, pakati pa minda ya chimanga chouma, ankatukwana yekha m'galimoto. Anatukwana Doyle, anatukwana mkulu wa chipani, anatukwananso chala chake chomwe chimene kwa zaka zonsezi chinkangomvera ngati ng'ombe ya pagoli.

Kumene anali Lachiwiri kunali kutali, mu mzinda wa chigawo china kumene kunalibe womudziwa. Anaperekeza mwamuna wake Virgil kuchipatala. Virgil anaphunzitsa pasukulu ya Pine Fork zaka makumi atatu, ndipo theka la anthu a m'tauniyo linadutsa m'manja mwake. Amuna a imvi ankavulabe zipewa akakumana naye, n'kumutchula kuti aphunzitsi. Koma chaka chimenecho anayamba kuika makiyi mufiriji ndi kufunsa chinthu chimodzi katatu. Dokotala anawauza mosabisa kuti ndi matenda oiwala, ndipo sabwerera m'mbuyo. Atatuluka, Virgil anamugwira mkono mkazi wake pafupi ndi galimoto, misozi ili mbwembwembwe.

"Undilonjeze, Arlene. Asadziwe munthu. Ana amene ndinawaphunzitsa kuwerenga asadzayambe kundilankhula pang'onopang'ono ngati khanda. Bola ndife."

Arlene analonjeza.

Masiku otsatira foni ya m'nyumba sinapume. Ena ankalira, ena ankatukwana, wina anangonena kuti "Yudasi" n'kudula. Virgil anawerenga nkhaniyo Lachinayi n'kubwera kukhitchini nkhope itasintha, ndipo Arlene anamukhazika pansi n'kumufotokozera zonse: chipatala, dokotala, Doyle. Virgil anakumbukira, analira, anapepesa. Lachisanu anaipezanso nyuzipepala ija n'kubweranso kukhitchini ndi nkhope yomweyo. Arlene anafotokozanso, kenako anakaiotcha. Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti analibe woti amukalipire. Matenda sungawatukwane, ndipo munthu wodwalayo anali atagwira dzanja lake.

Loweruka masana makolo anaitanitsa msonkhano mu holo ya sukuluyo. Chisankho chinali chitayandikira, ndipo ulendo uno mnyamata wina wogulitsa mathirakitala, dzina lake Lassiter, anali atalowa m'bwalo. Arlene anaganiza zoti akanene theka la choonadi: kuti sanalipo, ndipo anadina ndi Doyle. Mbiri yosajomba ithe, Doyle agwe, iyenso alandire chilango chake, koma anthu adziwe kuti sukulu yawo sanaiphe ndi iye. Za kumene anali akanangoti ndi nkhani ya m'banja.

"Iwe utsale, Virgil," anatero akuvala jekete.

"Sukulu yanga, ine nditsale?" Virgil anali atamanga kale tayi. M'mawa umenewo mutu wake unali bwinobwino, maso ali ngwee. "Ndikudziwa zonse, usandiyang'ane choncho. Ukawauze za Doyle. Za ine ayi."

Holo inali itadzaza mpaka ena anaima m'makoma. Anthu amene ankamubweretsera Arlene makeke pa chisankho chilichonse anangomuyang'ana osamupatsa moni. Koma Virgil anthuwo anamupatsa mpando wa kutsogolo, wina n'kumulandira chipewa. Lassiter anaima kumbuyo atapinda manja, akumwetulira ngati munthu amene wapeza chakudya chophikaphika.

Woyamba kulankhula anali Wanda Pickrell, mayi wa ana atatu, amene sankadziwa kunong'ona.

"Mayi Tackett, ine ndilibe mawu ambiri. Mwana wanga wamng'ono azidzuka kusanache, kukwera basi ulendo wautali m'chisanu, chifukwa cha inu. Ndakuvoterani kasanu. Amayi anga anakuvoterani ali panjinga ya olumala. Ndiye tiuzeni, anakupatsani chiyani kumeneko? Mpando wabwino? Ofesi ya zenera lalikulu?"

"Awuze, Wanda!" anakuwa wina.

"Amati sajomba! Bola akanajomba!" anatero wina, anthu n'kuseka mowawidwa mtima.

Mafunso ndi zitonzo zinapitirira nthawi yaitali. Holo inatentha, ana anayamba kulira, ndipo Arlene anaona Virgil akusisita pachipumi n'kumayang'ana uku ndi uku, monga ankachitira akatopa. Anafuna kufulumira. Anaimirira n'kugwira chokuzira mawu.

"Mwatha? Tsopano mundimvere. Batani lija sindinadine ine. Lachiwiri m'nyumba ya malamulo ine munalibe. Ndinapempha seneta mnzanga, Doyle Brumfield, kuti andidinire lokana, iye n'kudina lovomera. Kunali kulakwa kumutuma, ndipo ndikuvomera. Koma sukulu ino sindinaigulitse."

Holo inaphulika. Ena ankati bodza, ena ankafunsa kuti ndiye zaka zonsezi ankavota ndi chala cha ndani. Mtolankhani wa nyuzipepala ya m'tauni ankalemba mothamanga. Arlene anadikira, akudziwa kuti funso likubwera, ndipo yankho lake anali atalikonza. Akanalipereka kwa Wanda, kwa Lassiter, kwa aliyense, maso ali gwa.

Phokoso linazirala mwadzidzidzi. Virgil anali ataimirira.

Anaima mowongoka ngati kale m'kalasi, dzanja limodzi kumbuyo, ndipo anthu anakhala chete paokha monga anawazoloweretsa ali ana. Arlene anayang'ana m'maso mwake. Munthu wa m'mawa uja munalibe.

"Arlene," anatero ndi mawu aja omveka mpaka kumbuyo. "Ndamva bwino? Tsiku limene ankapha sukulu ino, iwe kunalibe?"

"Virgil, khala pansi. Tikakambirana kunyumba."

"Ayi, anthuwa akufuna yankho, inenso ndikulifuna. Zaka makumi atatu ndasesa choko m'makalasi muno. Tsiku limodzi lokha limene tinkakufuna! Unali kuti?"

"Afunseni, aphunzitsi!" anakuwa Wanda, ndipo holo yonse inaomba m'manja.

Nkhani ya m'banja? Akanainena bwanji kwa mwini banja? Virgil akanati afunsenso, anthu akanayamba kuyang'anana n'kuzindikira. Ukali unamukwera Arlene. Anafuna kukuwa kuti, ndinali nawe, munthu iwe! Ndinakugwira dzanja pamene unalephera kuuza dokotala kuti chaka chino ndi chaka chanji! Mawu ochepa okhawo akanatembenuza holo yonse. Wanda yemweyo akanalira n'kumukumbatira, ndipo mpando ukanakhala wake kachisanu ndi chimodzi. Koma kuyambira mawa lake anthu amenewa akanayamba kumulankhula Virgil pang'onopang'ono, akumwetulira mwachisoni.

Arlene anamuyang'ana Virgil ali chiimire, tayi ili bwinobwino, ana ake a sukulu atamuzungulira ndi maso aulemu.

"Ndinatopa," anatero Arlene. "Ndinangofuna kupuma tsiku limodzi. Ndinapita kokayenda."

Virgil anapukusa mutu pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi mwana amene wamugwira akubera mayeso.

"Zamanyazi," anatero, n'kukhala pansi.

Zimene zinanenedwa pambuyo pake Arlene sanazimve bwino. Anangoona Lassiter akupita kutsogolo akugwirana chanza ndi anthu, ndipo potuluka amuna anachita kupanga mzere kuti agwire dzanja la aphunzitsi. "Mwatilankhulira, bambo," ankatero. "Si aliyense angadzudzule mkazi wake pagulu." Koma Arlene anthuwo anamusiyira njira yotakata, popanda womukhudza.

Awiriwo analowa m'galimoto n'kuuyamba wa kunyumba. Dzuwa linali likadalipo, ndipo m'mbali mwa msewu bambo wina anali atayamba kale kuzula chikwangwani cha Arlene pabwalo la nyumba yake. Arlene anagwira chiwongolero mwamphamvu mpaka zala zinachita dzanzi. Anali asanakwiyepo chotere m'moyo wake, ndipo munthu amene anamukwiyira anali atatsamira pazenera, akuodzera.

Atadutsa mlatho wa kumapeto kwa tauni, Virgil anadzidzimuka n'kuyang'ana tayi yake modabwa.

"Kodi tikuchokera kumsonkhano?"

"Eya."

"Ndikukumbuka anthu akuomba m'manja. Ankaomba kwambiri, eti?" Anamwetulira n'kuika dzanja pabondo la mkazi wake. "Amakukonda anthu amenewa, Arlene. Upambananso."

Arlene sanachotse maso pamsewu.

"Ankaomba kwambiri," anatero. "Gona, ndikudzutsa tikafika."