Mabatani a Amuna Atatu a pa Siteshoni

Verna Tollefsrud anayamba kumukayikira Arvid Kasprick tsiku limene mkuluyo analowa mu laibulale ya ku Ordell atamanga tayi. Awiriwa anabadwira m'tauni imodzi n'kukalambiramo, ndipo pa zaka zonsezo Arvid anali asanapondemo mu laibulale. Tayi ankamangira maliro okha. Ndiye Lachiwiri limenelo, komiti ya mbiri ya tauni ili mkati mosankha zithunzi, munthu uja uyu, chipewa kumanja, akupempha mpando. Galu wamkota sakandira pachabe, anatero Verna chamumtima, n'kukokera chikwama chake pamiyendo.

Chaka chimenecho, 1982, Ordell inkakwanitsa zaka zana, ndipo anthu anafukula zonse za m'masutikesi: zithunzi za maukwati, za makina opunthira tirigu, mapositikhadi amene makolo ankatumizirana. Koma khadi limene aliyense ankalifuna linali la Verna, la moto wa 1912. Analijambula ndi bambo ake, a Nils Tollefsrud. Tsiku la motowo tauni yonse inali kumtsinje ku chikondwerero cha ufulu wa dziko cha pa 4 Julaye, ndipo pobwerako anthu anapeza msewu waukulu ukuyaka mbali zonse ziwiri. Poyambira pake anaonapo a Nils okha, amene anatsala akugwira ntchito, ndi apaulendo a sitima ya masana, omwe anapitirira ndi sitima yawo. A Nils anathamangira pa siteshoni ndi kamera. Pachithunzipo tchalitchi chili kumapeto kwa msewu, pakati penipeni. Amuna atatu aima pafupi, ndipo kumbuyo kwawo kuli mizere iwiri ya masitolo amatabwa, ofanana ngati mazira poti anawamanga mmisiri mmodzi. Utsi ukufuka kumanzere, pa nyumba yachitatu, pamene panali sitolo ya palafini ndi misomali ya a Anton Kasprick, bambo ake a Arvid. Yachitatu kumanja, moyang'anizana nayo, inali ya a Nils yojambuliramo, ndipo ili chilili, yosakhudzidwa.

Komiti inali itagwirizana kale kuti chithunzicho chikulitsidwe, ndipo pakona pa msewu akhomepo chikwangwani chamkuwa chonena kuti moto unayambira m'sitolo ya Kasprick. Mawuwo anayenera kutumizidwa kwa osula Lachisanu.

"Sindinabwere kudzasokoneza ayi," anatero Arvid. "Ndimati ndingoliona khadi lenilenilo, ndiligwireko m'manja."

"Lili m'buku la mbiri ya tauni, tsamba lachisanu," anayankha Verna. "Kapena magalasi mwaiwala kunyumba?"

"La m'bukulo n'lakuda bii, simuoneka kanthu."

"Mukufuna muonemo chiyani, a Kasprick? Utsi ndi utsi basi."

Doreen Hultberg, wapampando wa komitiyo, munthu wosakonda phokoso, anathira khofi m'kapu n'kumukankhira Arvid. "Achemwali," Doreen anauza Verna, "munthu akungofuna kuona, sikuti alidya."

"Moto wa a Kasprick tinauona kamodzi kuno, unakwana," anatero Verna.

Ena anaseka mobisa. Arvid anamwa khofi wake mpaka kutha, anathokoza, n'kutuluka.

Kuseka kumeneko sikunali kwachilendo. Moto utatha, a Anton anapatsidwa dzina loti Machesi. Anamanganso sitolo koma anthu ankailambalala, ndipo anathera kuthyola chimanga m'minda ya eni, akulumbira mpaka tsiku lakufa kuti mawindo anatseka ndipo nyale anazimitsa. Kusukulu Arvid anali mwana wa Machesi. Verna ankakhala kumbuyo kwake m'kalasi n'kumagwedeza bokosi la machesi pafupi ndi khutu lake. Sankaona ngati n'kuzunza munthu, poti umboni unalipo, wosindikizidwa, wa dzanja la bambo ake.

Lachitatu m'mawa anaiona galimoto ya Arvid ikudutsa pakhomo pake kawiri, pang'onopang'ono ngati ya maliro. Analichotsa khadi m'kabati ya makina osokera n'kuliika m'chitini cha shuga. Kenako anaganiza kuti mbala yanzeru imayambira kukhitchini, ndiye analisamutsira m'Baibulo, pa buku la Obadiya, pamene palibe amatsegulapo.

Masana Arvid anagogoda, jekete pamkono. Verna anali telala wa tauniyo kwa zaka makumi asanu, ndipo wobwera ndi chovala sankamubweza, ngakhale akhale Kasprick.

"Batani lagwa," anatero Arvid.

Verna anayang'ana ulusi wotsalira pansalu. "Batani logwa lokha limasiya ulusi wonyenyeka. Ili mwadula ndi lumo."

Makutu a Arvid anafiira. Anakhala pampando wa makasitomala, maso akuyendayenda m'makoma.

"Mukusaka chiyani, a Kasprick? Likanakhala pakhoma mukanalitani?"

"Mayi Tollefsrud, inu mumaganiza kuti munthu aliyense ndi wakuba?"

"Aliyense ayi. Odula mabatani awo omwe."

Anasoka batani lija mothamanga, analuma ulusi, n'kumutsegulira chitseko. Atachoka, anakatsegula pa Obadiya kuti atsimikize, ngakhale munthuyo sanadzuke pampando ngakhale kamodzi.

Lachinayi m'mawa chithunzi chokulitsa chinafika kuchokera ku mzinda wa Fargo, chachikulu ngati chitseko. Verna ndi Doreen anachitambasula pa tebulo la mu laibulale n'kupsinja makona ndi mabuku. Amuna atatu aja, amene pakhadi ankangooneka ngati timachesi toimika, tsopano anali ndi nkhope, ndevu ndi maunyolo a mawotchi.

"Taonani ndevu za uyu," anaseka Doreen. "Mkazi wake ankamupeza bwanji pakamwa?"

Verna sanaseke. Diso la telala silithamangira kunkhope, limathamangira pa chovala. Jekete ya mwamuna mabatani amakhala kudzanja lamanja la wovalayo, ya mkazi kumanzere, ndipo iye zimenezi ankazidziwa ngati dzina lake. Bambo wandevu uja anamanga jekete yake chachikazi. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anali kondakitala wa sitima, wovala yunifolomu ya kuntchito, nayenso chachikazi, kathumba ka pachifuwa kali kumanja. Mmodzi ukhoza kunena kuti anabwereka ya mkazi wake, koma atatu?

"Achitembenuza," anatero Verna. "Anthu a ku Fargo achitembenuza chithunzichi. Doreen, kodi mwana wa mlongo wake wa Arvid sagwira ntchito ku Fargo?"

"Amagulitsa matayala, achemwali. Chatembenuka pati? Utsi si uwu uli kumanzere, monga mwa masiku onse?"

Utsi unalidi kumanzere. Verna ananyamula chikwama osatsanzika. Kunyumba anatsegula pa Obadiya, anatenga galasi lokulitsira zinthu la bambo ake, n'kuima pawindo. Mabatani anali aang'ono ngati mchenga, koma ankaoneka. Onse atatu chachikazi. A ku Fargo sanalakwe kanthu, ndipo Arvid sanakhudze kanthu. Khadilo linali lotembenuka chilisindikizireni, ndipo iye analisunga zaka zonsezi, akuona utsi wokha.

Anakhala pampando wa makasitomala. Ntchito ya bambo ake ankaidziwa. Masiku amenewo chithunzi chinkatuluka pagalasi, ndipo wojambula ankalemba dzina la malo pagalasipo chobwerera m'mbuyo kuti papepala liwerengeke bwino. Wophunzira kumene akaiwala n'kulemba molunjika, ankangolitembenuza galasilo posindikiza. Mawu ankawerengeka, koma za kumanja zonse zinkapita kumanzere. M'munsi mwa khadi lake, dzina la tauni ndi chaka zinkawerengeka bwinobwino, zilembo zoyera zokongola. Mwina anasokonezeka, anadziuza. Munthu nyumba yake yapsa, akhoza kuiwala.

Koma a Nils sanali wophunzira. Pofika 1912 anali atajambula kwa zaka khumi. Verna ali mwana, bambo akewo ankamulembera dzina lake chobwerera m'mbuyo pa nthunzi ya pawindo, atatsinzina, iye n'kumakaliwerengera panja akuseka, ndipo sanaphonyepo chilembo. M'nyumba yojambuliramo ankasungamo ufa wowalitsira chithunzi, uja wophulika ukangomva kamoto. Sabata yomweyo ya moto anapita ku tauni yoyandikana nayo kukasindikiza makhadi mazana asanu, n'kumawagulitsa pa siteshoni. Ndipo Verna anakumbukira chinthu chimene ankachiyesa kudzichepetsa: mayi ake akalipachika khadilo pakhoma, bambo ake ankalichotsa mwakachetechete n'kuliponya m'kabati.

Sabata yonse ankasaka mbala panja, pamene mbala inali pachithunzi cha bambo ake, pamwamba pa makina osokera, itamanga tayi, ikumwetulira. Anakwiya, anachita manyazi, ndipo chomupweteka kwambiri chinali chakuti bambo akewo ankawakondabe. Mtima wina unamuuza kuti angokhala chete. Doreen batani salidziwa kumene limakhala, ndipo mawa mawu apita kwa osula, nkhani yatha. Koma mlandu suwola, ndipo mkuwa suwolanso. Anaganiza za bokosi la machesi lija, kulira kwake pafupi ndi khutu la mwana amene sankatembenuka n'komwe.

Msonkhano womaliza wa komiti unali wa 3 koloko. Verna analowa atakumbatira kalilole wa m'chipinda chosokera, uja makasitomala amadziyang'anirapo kumsana. Arvid anali atafika kale, ndi tayi yake yomweyo, pampando wapafupi ndi chitseko.

"Kodi lero kuli ukwati?" anafunsa Doreen.

Verna anatsamiritsa kalilole pa mulu wa mabuku. Anatulutsa khadi m'chikwama. "A Kasprick, tabwerani. Mumafuna kuligwira, nali."

Arvid sanadzuke msanga. Anamuyang'ana Verna, n'kuyang'ana anthu a komiti mmodzimmodzi, ngati munthu amene akudikira kuti kuseka kuyambira pati.

"Si msampha ayi," anatero Verna. "Liyang'anitseni pa kalilole. Onani majekete a anthu awa. Pakhadipa amanga ngati akazi, pa kalilolepa amanga ngati amuna. Zoona zake ndi za pa kalilole. Bambo anga analitembenuza galasi."

"Mukuti chiyani, achemwali?" anatero Doreen. "Ndiye kuti utsiwu..."

"Uli kwathu. Moto unayambira kwathu."

Arvid anagwira khadi ndi manja onse awiri n'kuwerama. Pa kalilole utsi unkafuka kumanja. Anayang'ana nthawi yaitali, milomo ikuwerenga nyumba kuyambira pa siteshoni.

"Ndiye yathu ndi iti?" anafunsa motsitsa mawu.

Verna analoza yachitatu kumanzere. Inali ndi mawindo awiri aakulu ndi kakhonde, ndipo panja pake panali migolo itatu yosanjikizana bwino. Chitseko chinali chotseka.

"Iyi?" Arvid anaseka pang'ono, kuseka kosachokera mumtima. "Iyi ndimaidziwa. Chiyambire ubwana wanga ndimaitukwana, ndimati ndi yanu. Ndimati, taonani ya anzathu yangoima ngati palibe chikuchitika." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Zithunzi zathu zonse zinapsa. Ine ndimangofuna ndisuzumire mu utsimo, mwina kangodya ka sitolo ya bambo kangaonekeko. Basi, n'zimene ndinadulira batani."

Verna anafuna kunena kuti pepani, ndipo ananenadi, koma mawuwo anatuluka opepuka kwambiri moti iye mwini anachita nawo manyazi.

"Bambo anga ali m'manda zaka makumi atatu," anatero Arvid, osachotsa maso pa kalilole. "Pepaniyo mukawapatse okha, ali mzere wachiwiri kuchokera kumpanda."

Doreen anatembenuzatembenuza pepala la mawu a chikwangwani. "Mwina tingochotsa dzina," anatero. "Tingoti moto unayambira mu msewu waukulu. Zakale n'zakale."

"Pamene linali la Kasprick simunati tichotse," anatero Verna. "Lembani Tollefsrud. Ma l awiri, osula asaphonye."

Doreen analemba, cholembera chikukanda papepala. Anthu a komiti anayamba kusonkhanitsa makapu, aliyense maso pansi, poti onse m'chipindamo anali ataitanapo munthu kuti mwana wa Machesi. Arvid anawongoka n'kumutambasulira Verna khadi lija.

"Tengani," anatero Verna. "Ndi lanu."

Arvid analiyang'ana m'manja mwake. Utsi unali utabwerera kumanzere, pamalo pake pa masiku onse.

"Ndiye mundipatse ndi kalilole yemwe," anatero. "Popanda kalilole, ndi la bambo anu lomwe lija."