Msomali Waufupi wa Evaristo

Pansi pa mtengo wa mango pamsika wa ku Soledad pamakwana munthu mmodzi yekha woonetsa anthu mphamvu popinda misomali ndi manja, ndipo kuyambira kalekale munthuyo anali mchimwene wanga Evaristo. Ine ndinkakazinga ma-arepa, zitumbuwa za chimanga, pambali pake. Ndimamudziwa bwino: manja ngati mpini, mtima ngati mwala.

Mwana wake Dagoberto anakulira pomwepo, ndipo mphamvu zitamukwana anayamba kuwafuna malowo. Lamulungu lina anafika chifuwa chili pamtunda, anthu atadzaza.

"Madala, mwatha inu. Kapumeni. Misomali yanu ija mumayamba mwaiwotcha pamoto kuti ifewe, ndani sadziwa?"

"Iwe, kamwa limenelo ndinalidyetsa ndine," anatero Evaristo.

"Ndiye tipatsane misomali. Wolephera asadzapondenso pano."

Umenewu ndi mwambo wawo anthu amenewa: aliyense amasankhira mnzake msomali, wogonja n'kunyamula chiguduli chake chokulungira misomali n'kuchoka. Ndinawakalipira onse awiri kuti akuchititsa manyazi mtundu, koma ndani amamvera mayi wa mafuta m'manja?

Lamulungu lotsatira Dagoberto anabweretsa chimsomali cha mainchesi eyiti, chokhomera mitanda ya denga. Anthu anakuwa atachiona. Mbuli zenizeni! Msomali wautali umapatsa manja pogwira. Evaristo anaukulunga m'chiguduli, anauika pansi pa chibwano, nabuula kamodzi. Unapindika, ndipo anauponya pamapazi pa mwana wake.

Kenako anapisa m'thumba natulutsa wake. Kunenepa kwake kunali komweko, koma anali ataudula ndi sowo mpaka kutsala mainchesi anayi. Ndinaona kodulidwako kukunyezimira, kosapalidwa n'komwe.

"Achimwene, ameneyu ndi mwana wanu," ndinatero.

"Kazinga zakozo, iwe."

Dagoberto anaseka. "Kameneka? Mwasowa ndalama yogulira wathunthu?"

Anakakulunga, nafinya. Kamsomali kanangoti zii. Anafinyanso mpaka misempha ya m'khosi kutupa. Chiguduli chinkadya malo onse ogwira, ndipo manja ankangoterereka. Anthu aja anayamba kumuwowoza.

"Bwerera kubere, Dago!"

"Ukufuna ndikugwirire, mwana wanga?" anafunsa Evaristo, mawu ali ozizira.

Pamenepo mnyamatayo anataya chiguduli pansi. Evaristo anaona. Akanatha kunena mawu amodzi okha, pakuti ndi iye anamuphunzitsa kuti chitsulo sachigwira chosakulunga. Anangopinda manja pachifuwa n'kumayang'ana.

Dagoberto anakankha ndi thupi lonse. Msomali sunapindike. Kodulidwa kuja kunalowa m'chikhatho cha dzanja lamanja n'kutulukira kuseri. Sanalire. Anayang'ana bambo ake, magazi akuyenderera mpaka m'chigongono.

"Malo ndi anu, bambo."

Ndinamumanga ndi epuloni yanga n'kumukweza basi ya kuchipatala. Bala linapola, koma zala ziwiri sizipindikanso. Pano amalondera pageti ya fakitale ina, ndipo supuni amagwirira kumanzere.

Ine ndinasamutsa chiwaya changa, ndili kutsidya kwa msika, pafupi ndi ogulitsa nsomba. Kununkha kulipo, koma bola. Evaristo akadali pansi pa mango paja, imvi zili mbuu, akupinda misomali yake Lamulungu lililonse. Akamaliza amaitana mwa chizolowezi kuti, "Alipo wofuna kuyesa?" Palibe amene amayankha.