Miyezi Inayi ya Jupita

Ismail anali munthu wabwino ndithu, koma akagwira chinthu ankakakamira ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Masana ankakonza mafoni pamsika wa Dwangwa. Madzulo, swala ya Magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, ikangotha, ankatulutsa telesikopu yakale imene anaipeza kwa mwini malo ogona alendo ku Ngala, n'kuiimika kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mtengo wa mango. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: kujambula Jupita pamodzi ndi miyezi yake inayi, chithunzi choyera choti akadzitame nacho pagulu la anzake a pa intaneti.

Ntchitoyo sinali yamasewera ayi. Foni ankaimangirira pa diso la telesikopu ndi timalamba ta chubu cha njinga, ndipo kuti kamera ilunjike bwino pankapita ola lathunthu. Wina akangogunda mwendo umodzi wa telesikopuyo, zonse zinkayambiranso. Mkazi wake Zahra anachita kuleka kudutsa kumeneko, madzi osamba ankazungulira nawo kumaso kwa nyumba.

Bambo ake, a Rashidi, ankakhala pakhomo pomwepo. Kwa zaka makumi anayi ankatuluka ndi akuluakulu a pamzikiti kukafuna mwezi watsopano, woyambira kusala ndi wa Idi womwe, ndipo kawirikawiri woyamba kuloza chala kumwamba ankakhala iwo. Maso awo ankatchuka mpaka kwa Malengachanzi. Koma tsopano matenda a shuga anali atayamba kuwadya, moti nkhuku pabwalo ankaziona ngati zili muutsi.

Madzulo ena mu Novembala anabwera ndi ndodo yawo n'kuima kumbuyo kwa mwana wawo.

"Ndamva kwa mpongozi wanga kuti nyenyezi iyo ili ndi miyezi yakeyake."

"Inayi, Ababa. Imeneyo ndi ikuluikulu yokha."

"Subhanallah. Ine ndakalamba ndikusaka umodzi wokha. Tandionetsa ndi diso langa."

Ismail anayang'ana timalamba take tija. Aka kanali koyamba kuti foni ikhale bwino chonchi. "Mawa, Ababa. Ndikamasula apa ndiye kuti ndavutika chabe. Chithunzi chikatuluka ndikuonetsani."

"Mwezi wa pachithunzi suwerengedwa," anatero a Rashidi. "Umafunika munthu wouona yekha." Anaseka pang'ono, n'kubwerera kukhonde.

Mawa lakelo chithunzi chinatuluka ngati dzira losweka, ndiye Ismail anafuna kuyesanso. Mkuja wake chimodzimodzi. Nkhalamba inapemphanso kawiri, kenako inaleka, paja munthu wamkulu sachonderera mwana wake womubala yekha. Posakhalitsa mvula inayamba, ndipo mvula ya kwathu kuno ikayamba siifunsa munthu. Madzulo owerengeka amene kunkayera, Ismail ankawapereka kwa foni.

Mu Januwale anachipeza chithunzi chake. Kampira koyera pakati, timadontho tinayi pambali, zooneka bwino zedi. Anzake a pa intaneti anamuyamikira mpaka mutu unakula. Anapita nacho kwa bambo ake. Iwo anaibweretsa foniyo pafupi ndi mphuno, n'kunena kuti zili bwino. Ismail sanafunsenso zambiri, mtima unali ku mauthenga amene ankangolowa.

Kumapeto kwa Ramadani, tsiku lokafuna mwezi wa Idi, a Chande a pamzikiti anabwera kudzawatenga monga mwa chaka ndi chaka. A Rashidi anakana, ati miyendo ikupweteka. Alendo atachoka, Zahra anamukokera mwamuna wake kukhitchini.

"Inu mumangoona zakumwamba, zapakhomo pano ayi. Miyendo yawo ili bwinobwino. Dzulo anandifunsa ngati kwachita mitambo, dzuwa lili paliwombo."

Ismail anawatengera bambo ake kuchipatala mawa lake, ali ndi chiyembekezo choti ndi ng'ala yoti angopala. Dokotala anapukusa mutu. Shuga anali ataononga m'kati mwenimweni mwa maso, ndipo chotsalacho chinali kutha tsiku ndi tsiku.

Kunadzayera kumapeto kwa Epulo. Jupita anali atatsikira kumadzulo, pamwamba pang'ono pa mpanda. Ismail anasiya foni m'nyumba. Analunjika telesikopu, naona miyezi yonse inayi ili pamzere, kenako anathamangira kwa bambo ake.

"Ababa, tiyeni mukaone miyezi ija."

"Lero ndiye lakwana tsiku?" Sananene mokwiya, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka Ismail kwambiri.

A Rashidi anayamba afunafuna kofia, kenako nkhwaira, kenako ndodo. Anayenda pang'onopang'ono atagwira phewa la mwana wawo. Ismail anawakhazika pampando, n'kuwaweramitsa mutu mpaka diso linafika pagalasi. Bambowo anakhala choncho nthawi yaitali, osaphethira, milomo ikuyenda mwakachetechete.

"Ndaiona," anatero pomaliza. "Yandanda ngati anthu pa swala. Allah ndi wamkulu. Wachita bwino, mwana wanga."

Ismail anasangalala kwambiri. Anawerama kuti naye aonenso chimene bambo ake aona. Munalibe kanthu, mdima wokhawokha. Jupita sadikira munthu: ukapanda kusuntha telesikopu, pa mphindi ziwiri zokha amakhala atatulukamo, ndipo kofia ndi nkhwaira zija zinadya mphindi khumi. Nkhalamba inali itayang'anitsitsa thambo lopanda kanthu, n'kusankha kumumasula mwana wake.

Ismail akanatha kulunjikanso, koma anadziwa kuti sizithandiza. A Rashidi anali atayamba kale kupapasa pansi kufuna ndodo yawo.

"Mwaionadi, Ababa," anatero Ismail.

Anawatolera ndodoyo, n'kuwagwira mkono kubwerera nawo m'nyumba.