Gaolatlhe Akwirira Chimbale Chake

"Rra-Tsaone, musakwirire zinthu zimenezo," anatero Mma-Tsaone ataima pakhomo la khitchini, manja ali mbuu ndi ufa wa magwinya, mandasi a kumeneko. "Mchenga wa ku Ghanzi kuno subweza chimene wapatsidwa. Unameza ndolo zanga, unameza makiyi a pikapu ya amalume anu. Inuyo ukuchitirani chisoni chifukwa ndinu ndani?"

Mwamuna wakeyo, Gaolatlhe, bambo wa Tsaone, anaseka mpaka maunyolo a pa jekete lake lachikopa anachita ngwelengwele. Anali atagwada pabwalo, akulongedza makaseti m'kabokosi kamatabwa kamene anakhoma yekha ngati ka maliro. Chinthu chotere munthu sakhoma pakhomo pamene pali ana, koma amuna a zikopa zakudawa amamva?

Masana Gaolatlhe ankadula nyama m'butchala. Loweruka ndiye ankasanduka mwini mawu wa gulu loimba la Marapo a Leuba. Kuimba kwake sikunali kuimba ayi, kunali kubangula kochokera pansi pa mchombo, ngati nkhunzi imene yaona mpeni. Anthu amene amadziwa zimenezi ankati m'dziko lonse la Botswana munalibe khosi lowola bwino ngati lake, ndipo kumeneko kunali kuyamikira. Anali atatu: iyeyo, Baitshepi wa ng'oma, ndi Kelebonye wa gitala, amene ankapeka nyimbo zonse m'mutu, osalemba paliponse.

Atabangula zaka zambirimbiri kuseri kwa mabala opanda chimbale, chaka chimenecho anadzitsekera m'chipinda chotchinga ndi matilesi, najambula nyimbo zawo. Mnzawo wa ku Gaborone anazithira m'makaseti odzaza kabokosi kamodzi basi. Pa chikuto panali dzina la gulu, lolembedwa ngati minga younjika pakhola, losawerengeka. Kwa iwowa dzina likawerengeka ndiye kuti gulu ndi lofewa.

"Mkazanga, tamvera," anatero Gaolatlhe, maso akuwala ngati mwana amene wagulidwa nsapato. "Anzathu a kutsidya kwa nyanja ena amathira phulusa m'makaseti, ena misomali ya dzimbiri. Ife chathu chikagona m'manda chisanu chonse. Tsiku lokhazikitsa tikachifukula anthu akuona. Munthu akatsegula kaseti yake, fungo la dothi phuu! m'mphuno. Chimbale chathu sichichokera m'sitolo ngati sopo."

"Nanga pa kompyuta ya Kelebonye paja zilipobe?"

"Tafufuta!" anakuwa Baitshepi, amene anakhala pa ndowa akudya gwinya lachitatu. "Dzulo, Mma. Tonse atatu chala chimodzi chimodzi pa batani. Ndinalira ndi chimwemwe."

"Mwafufuta?"

"Nyimbo ya pa foni ndi ya ana asukulu," anatero Gaolatlhe. "Yathu ili umu mokha. Amene alibe kaseti, alibe khutu."

Mma-Tsaone anagwira pakamwa, nadzipaka ufa kumaso. Amunawo atapita kukafuna fosholo, anazembetsa kaseti imodzi naiponya m'thumba la mapira. Koma makasetiwo anali ndi manambala olemba pamanja, ndipo Gaolatlhe ankawadziwa ngati ana ake. Anayenda m'nyumba monse akununkhiza, mpaka anaivuula m'mapiramo, naipukuta pa malaya, nampsompsona mkazi wake pachipumi.

"Ukakhala wakuba, uzikhala wanzeru," anatero.

Anapita nako kabokosiko kutchire, kupitirira mpanda womaliza, panjira ya kumoraka kumene amalume ake amaweta ng'ombe. Anakumba pansi pa mtengo wa minga, nakwirira, nasalaza bwinobwino. Pamwamba anaikapo chizindikiro: chibade cha ng'ombe yaikulu, choyera mbee, cha nyanga zotambalala kuposa mikono ya munthu. Chibade chokongola chotere sichinaonekepo ku Ghanzi. Ndipo inu, chinthu chokongola sachisiya chokha patchire.

Anapangana kuti wina asakapondekonso, kuopa kuti mapazi angapange kanjira, anthu n'kulondola. Mma-Tsaone akati, "Tapitani mukangosuzumira," iye ankayankha kuti, "Maliro sasuzumira."

Mbiri inawanda ngati moto wa lupsa. Foni ya Gaolatlhe inkalira ali pakati podula nthiti, anthu a ku Finland ndi a ku Brazil akupempha kuti awasungire kaseti. Iye ankavina ndi mpeni m'manja, makasitomala akubwerera chafutambuyo. Mphepo ya Ogasiti inabwera, nikokolola mchenga kuchoka uku kukaunjika uko. Mwezi womwewo Kelebonye anadwala malungo aakulu, nalota zoopsa, ndipo atachira analowa mpingo. Gitala anagulitsa, jekete anapatsa mlonda wa pachipatala.

"Zilibe kanthu," anatero Gaolatlhe. "Zala zake tinazitsekera kale m'bokosi."

Tsiku lokhazikitsa chimbale linacha bwino, kopanda kamtambo. Kuyambira m'mawa malole ndi mabasi ankakhuthula anthu a ku Maun, a ku Kanye, a ku Gaborone, onse akuda bii ndi zikopa, zipewa zotambalala, nsapato zosongoka, zisonga m'mapewa. Akakumana ankagundana zifuwa ndi kubangulirana, kenako n'kufunsana za ana ndi mvula. Azimayi a zikopa anali ndi zikwapu m'chiuno. Miphika ya seswaa, nyama yosinja, inkabwata pabwalo, Mma-Tsaone akuvundula, koma diso lili kutchire.

Gaolatlhe anatuluka m'nyumba nkhope ili yoyera ngati chipupa, maso atazunguliridwa zakuda, fosholo ataikoleka paphewa. Anthu anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Mtima wake unkadumpha ngati mwana wa mbuzi. Anafuna kuyenda mwaulemu ngati wa pamaliro, koma miyendo inkangofuna kuvina, ndipo mano ankangotuluka okha.

"Usamaseke, iwe," anamunong'oneza Baitshepi. "Mtembo suseka."

"Ndikulephera, amwene!"

Anauyamba ulendo, chigulu chonse pambuyo, Baitshepi akuomba ng'oma imodzi pang'onopang'ono. Anadutsa mpanda womaliza. Anafika pa mitengo ya minga. Gaolatlhe anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere.

Chibade panalibe.

Mitengo inali mbwee, yonse msinkhu umodzi, yonse yopendekera kumodzi ngati ana a mayi mmodzi. Mchenga unali see, ngati wasesedwa ndi mkamwini watsopano. Gaolatlhe sanadziwe kuti mtengo wake ndi uti. Koma anthu anali kumuyang'ana, ndiye anasankha mtengo umodzi, naimika fosholo, nabangula kuti, "Pano!"

Nthungululu! Anakumba mpaka m'mawondo, mpaka m'chiuno. Kanthu njee.

"Akutinamiza dala!" anakuwa mayi wina wa ku Maun. "Auze, Rra! Imfa sipezeka msanga!"

Anthu anaomba m'manja poganiza kuti ndi mmene mwambowo anaukonzera. Gaolatlhe anatuluka m'dzenjemo, nalozanso mtengo wina. Kumeneko anafukula fupa la bulu. Analikweza m'mwamba posowa chochita, ndipo chigulu chinapenga, ena kugwada, ena kupukusa mitu mpaka zipewa kugwa. Thukuta linayamba kutsitsa utoto wa kumaso, woyera ndi wakuda kusakanikirana, nkhope ngati ya mbidzi.

"Amwene," anatero Baitshepi chapansipansi, "si uja wa nthambi yothyoka?"

"Yonse ili ndi nthambi yothyoka!"

"Ine ndinkangoyang'ana chibade."

"Inenso!"

Ali m'dzenje lachitatu anamva mabelu a abulu. Inali ngolo ya Motlhagodi, m'busa wa ng'ombe wa kumoraka, amene sanaphonyepo dansi ya Marapo a Leuba chiyambire. Anaima chilili pangolopo, chikopa kuyambira kukhosi mpaka kuphazi, akukwapula m'mwamba. Ndipo kutsogolo kwa ngolo, chomangidwa ndi waya, chopakidwa mafuta mpaka kunyezimira, chinali chibade cha nyanga zotambalala chija.

Anthu anamuzungulira. Kwa anthu a zikopawa chibade ndi ulemerero. Amachikhoma pa njinga, pa galimoto, pakhomo, wina anakwatira nacho atachinyamula kumsana. Aliyense ankafuna kugwirako nyanga.

Gaolatlhe anakwawa kutuluka m'dzenje.

"Motlhagodi. Mbale wanga. Chimenechi unachitenga kuti?"

"Mwachikonda, Rra?" anatero Motlhagodi, chifuwa chili patsogolo. "Ndinachitola chisanu chomwechi. Chinangokhala chokha patchire ngati mwana wamasiye. Ndinati, anthu alibe maso? Ndachisungira tsiku lanu lomweli, kukulemekezani!"

"Unachitola pati?"

"Pansi pa mtengo."

"Mtengo uti?"

Motlhagodi anatembenuka pang'onopang'ono, dzanja lili pachipumi. Anayang'ana tchire lonse mpaka kumene limakumana ndi thambo.

"Wa minga, Rra."

Kenako Baitshepi anayamba kuseka, kuseka kogwa nako pansi, miyendo m'mwamba. Nkhani inadumpha kuchoka pakamwa kupita pakamwa, ndipo m'malo mokwiya, anthu aja anasangalala ngati auzidwa kuti kwagwa mvula ya nyama.

"Chatayikadi? Chenicheni?"

"Palibenso kwina kumene chili?"

"Amuna awa ndi oopsa! Ngakhale a kutsidya sanafikepo apa!"

"Aliyense afukule yake!" anakuwa mayi wa ku Maun uja, navula chikwapu, nayamba kupalasa ndi manja.

Anyamata anathamangira m'tauni kukabwereka mafosholo, makasu, zivundikiro za miphika. Ena ankakumba ndi zipewa. Mchenga umenewu muli zinkhanira, muli mphiri zogona, munthu sapisamo dzanja chisawawa, koma anapisa, akuimba. Baitshepi anakweza ng'oma zake zonse pa ngolo ya Motlhagodi naziomba ngati matalala padenga, abulu akulira movomereza. Wina anafukula kamba, namunyamula pamutu kuzungulira naye. Wina anapeza chitini cha nsomba chadzimbiri, nalumbira kuti akumva gitala mkati mwake. Miphika ya seswaa inasamutsidwira kutchire komweko. Anthu ankadya ali m'maenje, mitu yokha ikuoneka.

Gaolatlhe yekha ndiye ankakumba ndi mtima wonse. Ankathamanga mtengo uwu, mtengo uwo, akufuula kuti, "Osaponda pamenepo! Pang'onopang'ono ndi khasulo, muswa bokosi!" Koma mawu ake anali odziwika ndi kubangula, ndiye akafuula anthu ankangoyankha ndi kubangula komweko, zala ziwiri m'mwamba.

Mma-Tsaone anamupeza atakhala m'mphepete mwa dzenje, manja atatuluka matuza. Anamupatsa madzi m'kapu.

"Usanene," anatero Gaolatlhe.

"Ndanena kanthu ine, Rra-Tsaone? Imwani. Nkhope yanu ikuopseza abulu."

Dzuwa litapendeka alendo anakwera malole awo, matumba a majekete atadzaza mchenga woti akaonetse kwawo. Onse ankati kukhazikitsa chimbale kokoma chotere sanakuonepo. Anamukumbatira Gaolatlhe mmodzimmodzi, namunyamula m'mwamba, namuponya, namuwakha. Motlhagodi anafuna kumubwezera chibade, koma Gaolatlhe atangomuyang'ana ndi diso loopsa, m'busayo anakwapula abulu ake n'kuthawa.

M'mawa mwake Gaolatlhe anapita kwa Kelebonye kukamugwadira kuti ajambulenso. Anamupeza akusita yunifolomu ya kwaya.

"Mbale Gaolatlhe," anatero Kelebonye mokoma mtima, "nyimbo zimene zija zinatuluka ndi malungo. Ngakhale kamodzi sindikukumbukira. Koma kwaya yathu ikusowa besi."

Sabata isanathe ng'ombe ya amalume a Gaolatlhe inagwera m'dzenje limodzi nithyoka mwendo. Eni ng'ombe a mbali imeneyo anabwera pakhomo onse pamodzi, zipewa m'manja, nanena mwaulemu kuti amene anaitana okumba ndiye akwirire. Okumbawo anali atabalalika dziko lonse. Baitshepi anati msana wamugwira.

Ndiye dzuwa lonse la Okutobala, limene limasungunula phula pamsewu, Gaolatlhe ankati akaweruka kubutchala n'kunyamula fosholo, yekhayekha, kukafotsera maenje a anthu ena. Dzenje lililonse asanalifotsere ankayamba walikumbako pang'ono, mwina mwake, ndiye ntchito sinkatha. Fumbi linamukhala pakhosi mpaka kubangula kuja kunasanduka kulira kwa mwana wa mphaka. Ana a m'tauni anamupatsa dzina loti Mfuko. A ku Finland ndi a ku Brazil ankatumizabe mauthenga oti chimbale cha Marapo a Leuba n'choposa zonse za chaka chimenecho, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachimvapo.

Kenako mvula inagwa, udzu unamera mpaka m'mawondo, ndipo ngakhale maenje amene anafotsera sanathenso kuwazindikira.