Nyimbo Imene Griffin Sanaimbiridwe

Reuben Mwabi ankasunga mangawa monga ena amasungira satifiketi ya sukulu, mu pulasitiki kuti isanyowe. Mangawa aakulu anali ndi mayi Flossie Jobe, mtsogoleri wa kwaya ya Amalawi okhala ku Nairobi.

Zinayamba mu 1998. Reuben anali tenala wodalirika m'kwayamo, ndipo ankakhala ku South B ndi Griffin, Mmalawi mnzake wogwira ntchito ku Gigiri. Anthu ankati ndi anyamata ongothandizana lendi, mpaka tsiku lina mayi Jobe, atapita kukasiya yunifolomu ya kwaya, anasuzumira kumene sanatumidwe n'kuona kuti nyumba yonse ili ndi bedi limodzi. Lamlungu lotsatira onse awiri anauzidwa kuti mawu awo sakufunikanso.

Zimenezo Reuben akanaziiwala. Chimene chinam'khala pakhosi ndi cha chaka chotsatira, Griffin atafa pa ngozi ya minibasi, zija kumeneko amati matatu. Amalawi a ku Nairobi anali ndi mwambo wawo: bokosi lisanakwere ndege kupita kumudzi, onse ankasonkhana ku mochale, wina n'kuyambitsa nyimbo, ena n'kulandira, ndipo pomaliza wapampando ankathokoza gulu lililonse loimba politchula dzina. Reuben anameza manyazi n'kuimbira foni mayi Jobe.

"Mayi, sindikupempha za ine. Griffin anakuimbirani besi zaka zinayi."

"Pepani a Mwabi," anatero mayiwo, "koma nyimbo za Mulungu sitingapite nazo kumeneko. Anthu atione bwanji?"

Sipanabwere ngakhale mmodzi. Reuben anaima yekha pambali pa bokosi, nayambitsa nyimbo yoperekezera maliro, koma panalibe wolandira. Anafika pakati pa ndime yoyamba mawu n'kumuthera, dalaivala wa galimoto ya maliro akuyang'ana wotchi.

Amene anaona zonsezi anali Akinyi, namwino wa pachipatala pomwe panali mochaleyo, yemwe anam'tsatira mpaka pageti n'kumuitanira kwawo kukaimba. Akinyi ankakhala ndi mkazi mnzake ku Ngara, ndipo Loweruka lililonse masana anthu khumi ndi asanu ankasonkhana m'galaja yawo kudzaimba: amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo, Akenya ambiri ndi Muganda mmodzi wa besi yonjenjemeretsa malata. Anansi ankauzidwa kuti ndi chama, kagulu kothandizana. Mmenemo Reuben anapezanso mpweya. Palibe ankam'funsa za bedi, ankangom'kalipira akathamangitsa nyimbo. Atawafotokozera za Griffin, gulu lomwe linalibe dzina linadzitcha Kwaya ya Griffin.

Anawaphunzitsa nyimbo ija ya maliro m'Chichewa, liwu ndi liwu, mpaka Akinyi analeka kupotoza lilime. Iwo ankayesa akum'tonthoza mnzawo. Sankadziwa kuti munthu akunola mpeni.

Mu 2004 bambo Nicholas Jobe, amuna awo a mayi Flossie, anagwa mu ofesi osadzukanso. Nthawi imeneyo kwaya ya Amalawi inali itatha ngati makatani. Ena anasamutsidwira ku Addis, ena anabwerera kumudzi makontirakiti atatha, ndipo obwera kumene, okhala kwa olemera ku Runda, anali ndi ana oyankha "fine" ukawafunsa mwadzuka bwanji. Reuben atamva uthengawo sananamizire chisoni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

"Tikavale malaya athu oyera, tikaime kumbuyo," anauza anzake m'galaja muja. "Akayambitsa nyimbo, aliyense atseke pakamwa. Alaweko zimene ndinalawa."

"Haya, tipita," anatero Akinyi, "koma dziwa kuti womwalirayo sanakulakwire. Ine ndidzayang'ana dzanja lako. Ukapanda kulikweza kuti tiimbe, tchimo ndi lako."

Lachinayi m'mawa anafika pa mochale yomwe ija. Amalawi analipo makumi atatu, masuti akuda ndi magalasi adzuwa, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe. Ataona Reuben ndi gulu lake anayamba kugwirana zigongono. Nyimbo osamveka. Mapeto ake mayi Jobe, namfedwa amene amayenera kungokhala pansi n'kumalira, anadzuka okha nayambitsa. Inali nyimbo yomwe ija. Amayi awiri anayesa kulandira, wina m'mwamba wina pansi, n'kusiya mwamanyazi. Mawu a mayi Jobe anasweka pakati pa ndime, kenako kunangoti zii.

Reuben anakondwa, tisabise. Kachetechete ameneyo anam'komera ngati madzi ozizira, ndipo anamusiya atalike mpaka mayiwo anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso. Akinyi anali akum'ponda chala. Apo Reuben anakumbukira kuti gulu losaimba silithokozedwa, ndipo anaona kuti kukhala chete n'chilango chochepa. Sikuti chifundo chinam'gwira ayi. Anakweza dzanja.

Nyimboyo inatuluka m'mawu anayi, Chichewa chomveka bwino m'kamwa mwa alendo, besi ya Muganda uja ikugunda pansi. Amalawi anayamba kulowamo mmodzimmodzi, ena akuvula magalasi kuti apukute misozi. Mayi Jobe anagwira bokosi n'kulira mokweza, kulira kwenikweni kumene kunkadikira nyimbo.

Itakwana nthawi yothokoza, wapampando, bambo Lawson, anatuma kapepala kuti gululo lilembe dzina. Akinyi analemba ndi zilembo zikuluzikulu. Bambowo anawerenga chamumtima, nakhosomola, napinda kapepalako.

"Tikuthokozanso kwaya ya... ya anzathu a konkuno."

"Ili ndi dzina, bambo wapampando," anatero Reuben mokweza. "Mwambo ndi wanu womwe. Tchulani."

Bambo Lawson anayang'ana uku ndi uku ngati wina awalanditsa, koma aliyense anali ataweramitsa mutu. Mayi Jobe anatambasula dzanja, nalandira kapepalako, nakayang'ana nthawi yaitali.

"Kwaya ya Griffin," anawerenga, mawu akumveka mpaka kumbuyo. "Ankaimba besi. Ankaima kumbuyo kwangaku."

Zaka zisanu Reuben anadikira kuti dzinalo lituluke pakamwa pamenepo, pamaso pa anthu omwewo. Sanawakhululukire mayiwo, ndipo sanapite kukawagwira chanza. Dalaivala anali atatsegula kale chitseko cha galimoto, akuyang'ana wotchi. Reuben anam'kodola kuti adikire, natembenukira kwa anzake, nayambitsanso nyimbo ija kuchokera pa ndime yoyamba. Ya bambo Jobe inali itaimbidwa kale, iyi inali ya mwini wake Griffin, ndipo Amalawi onse anailandira.